Kusamala chitoliro ndi pikolo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimuwa ndi omwe amandipeza kawirikawiri kuchokera kwa ana asukulu, makolo awo, aphunzitsi a nyimbo ndi anzanga a m'mabandi. Ndikati chitoliro ndikunena chija chachitsulo, cha makiyi, choimba chopingasa. Pikolo ndi kamng'ono kake. Zambiri mwa izi ndinaziphunzira nditawononga kaye, ndipo poti amisiri okonza zitoliro ndi osowa kwathu kuno, chilichonse chomwe mungapewe nokha ndi ndalama yomwe yatsala m'thumba.

Chitoliro changa chili ndi zigawo zitatu koma pikolo ya mnzanga ili ndi ziwiri. Yatayika mbali ina?

Palibe chatayika. Chitoliro chili ndi mutu, thupi ndi phazi, ndipo chikalumikizidwa chimatalika masentimita pafupifupi 67. Pikolo ndi theka la pamenepo, ili ndi mutu ndi thupi basi, ndipo imalira okitevu imodzi (manoti asanu ndi atatu) pamwamba pa chitoliro. Poti ilibe phazi, noti yake yotsikitsitsa ndi D, pamene chitoliro chimatsika mpaka C, china mpaka B.

Chofunika kuchidziwa ndi chifukwa chake chida chimenechi sichichedwa kudwala. Kapangidwe kake ndi ka Theobald Boehm wa ku Munich, yemwe mu 1847 anaboola mabowo akuluakulu n'kuwaika pomwe mawu amafuna, osati pomwe zala zimafika. Mabowowo chala sichingawatseke, n'chifukwa chake pali makiyi, ndipo pansi pa kiyi pali kapadi kofewa kotseka bowolo. Chitoliro chotsika mpaka C chili ndi mapadi 16. Imodzi yokha ikamathawitsa mpweya, manoti onse a m'munsi mwake amavutika. Kusamala chitoliro kwenikweni ndi kusamala mapadi ndi makiyi. Kunyezimira ndi nkhani yobwera pambuyo.

Pali njira yake yolumikizira, kapena bola zalowana?

Ilipo, ndipo apa ndi pomwe zitoliro zambiri za ana zimafera. Musagwire pamakiyi. Thupi ligwireni pakhosi, pomwe palembedwa dzina la kampani, pamene palibe kiyi ina iliyonse. Phazi ligwireni kunsonga kwenikweni. Lowetsani molunjika uku mukupotoza pang'onopang'ono, osagwedezera uku ndi uku ngati mukuzula chinangwa. Kugwedezera kumasandutsa polumikizira pozungulira kukhala ngati dzira, ndiye tsiku lina phazi limangosololoka n'kugwa pakati pa pelete.

Bowo louzirapo liyang'anizane ndi mzere wa makiyi. Kampiringidzo kogwira makiyi ka phazi kagwe pakati pa kiyi yomaliza ya thupi, osati kulondolana ndi kampiringidzo ka thupilo. Mutu musaukankhe mpaka kumapeto. Zitoliro zambiri zinapangidwa kuti mutu uzitsala kunja mamilimita awiri kapena atatu, ndipo kotsalako ndi komwe mumachunira.

Mwana akamangopana makiyi ndi nkhonya polumikiza, kupindika kwake sikuoneka ndi maso. Mumangomva miyezi ingapo pambuyo pake kuti C wotsika wasowa.

Ndikamaliza kuimba ndizichita chiyani?

Mphindi ziwiri zokha. Masulani zigawo zonse. Tengani kandodo kamene kanabwera ndi chitolirocho, lowetsani ngodya ya kansalu m'kabowo kake, kenaka pindirani nsaluyo pamwamba pa nsonga kuti ndodo isakande m'kati. Pitsani m'thupi ndi m'phazi, ndipo m'mutu lowetsani mofatsa mpaka kumapeto, muzungulize, mutulutse. Ndi nsalu ina youma pukutani zidindo za zala ndi pokhazika mlomo, makiyi aliwonse paokhapaokha, osapitiriza nsalu m'mphepete mwa mapadi kapena pansi pa timipiringidzo pomwe pali masipuling'i. Malizani ndi polumikizira, kunja ndi m'kati.

Nsalu ya m'kati ikhale yopyapyala ndi yosasiya ubweya. Hanki yathonje yochapidwachapidwa ndi yabwino, silika ndiye koposa. Chidutswa cha chitenje chatsopano ayi: n'chokhuthala, n'cholimba, ndipo chikakakamira m'mutu wa pikolo mudzatuluka thukuta. Nsalu ikakakamira musakoke ndi mphamvu. Ibwezeni komwe inalowera, mukupotoza.

Madzi amene amadontha kuphaziwa ndi malovu?

Ambiri si malovu. Ndi nthunzi ya mpweya wanu wofunda yomwe yakumana ndi chitsulo chozizira, monga momwe botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta. N'chifukwa chake m'mawa wa mu Juni madzi amachuluka kuposa masana a mu Okutobala. Komabe nthunziyo imanyamula zomwe zili m'kamwa. Amene wangomwa tiyi wa masupuni atatu a shuga, thobwa kapena Fanta n'kuyamba kuliza akudyetsa mapadi ake shuga. Tsukani m'kamwa ndi madzi, sambaninso m'manja, makamaka ngati mwadya mandasi.

Nsalu yopukutirayo ndingaisiye m'kesi?

Ayi. Mwatulutsa chinyezi m'chitoliro n'kuchitsekeranso nacho limodzi. Nsaluyo ikhale m'thumba lakunja, iziuma, ndipo izichapidwa. Zomwezo ndi kandodo kaubweya kaja kamene ena amakasiya m'kati mwa thupi. M'kesi musapanikiziremo mapepala a nyimbo kapena pensulo. Kesi inapangidwa kuti chitoliro chikwanemo chokha, ndipo chilichonse chowonjezera chimakanikiza makiyi mukatseka.

Kiyi ina ikumveka "tcha, tcha" ndikaitsegula. Ndiye kuti padi yatha?

Kawirikawiri sinathe, yangoda. Padi yachikale ili ndi katoni pansi, ubweya wopanikiza pakati, ndipo pamwamba yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri. Ogulitsa amakatcha kachikopa ka nsomba koma kamachokera ku matumbo a ng'ombe. Shuga ndi fumbi zikasakanikirana pa kachikopako, padi imamata pamlomo pa bowo.

Tengani pepala lopyapyala loyera, lopichirira fodya lija, mudule mbali ya guluu ngati ilipo. Liikeni pansi pa kiyi, dinani mofewa, tsegulani, sunthani pepalalo, dinaninso. Chitani kangapo. Chinthu chimodzi chokha musachite: kukoka pepala kiyi ili chidinire. Kutero kumapala kachikopako, ndipo kakang'ambika padi imayamba kumwa madzi, kufufuma, n'kusiya kutseka. Yamaha ndi makampani ena amagulitsa timapepala tapadera ta ntchitoyi. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera kunja, n'topepuka kunyamula.

Pali malangizo oyenda pa intaneti oti mugwiritse ntchito ndalama yapepala. Tayang'anani kaye K200 yomwe mwabwezeredwa pamsika, muone ngati mungafune kuti ikhudze chinthu chomwe mumachiika pakamwa. Paudala nayenso ayi. Amathandiza tsiku limodzi, kenaka amakumana ndi chinyezi n'kusanduka phala.

Chitoliro changa chayamba kuda. Ndichipukute ndi chiyani kuti chiwale?

Choyamba mtima m'malo: kudako sikusintha mawu ngakhale pang'ono. Zitoliro zambiri za ophunzira ndi za chitsulo chosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki, chokutidwa ndi siliva wopyapyala pamwamba. Zodula ndi za siliva weniweni, uja amalemba 925, kutanthauza magawo 925 pa 1,000. Siliva akakumana ndi salifa wa mumpweya amayamba chikasu, kenaka bulauni, kenaka kuda. Salifayo amachokera ku utsi wa galimoto ndi wa mbaula, mazira, anyezi, ubweya wa nkhosa, thukuta la anthu ena, ndiponso mphira. Amene amamanga kesi yothyoka loko ndi malegeni, kapena kukulunga chitoliro ndi mphira womangira ndalama, adzapeza mzere wakuda pomwe panadutsa mphirawo.

Ine ndinapusapo. Kutatsala tsiku limodzi kuti tikaimbe paukwati, ndinatenga mankhwala amadzimadzi opukutira mkuwa, aja timawalitsira zikho, ndi kupaka chitoliro chonse. Chinawala ngati kalilole, mpaka ndinachijambula. M'mawa mwake makiyi awiri ankabwerera mwaulesi, ndipo m'mphepete mwa mapadi munali ufa woyera wouma gwa. Mankhwalawo anali atalowa m'timipiringidzo n'kusakanikirana ndi mafuta. Ukwatiwo ndinauimba ndi chitoliro chobwereka, ndipo changa chinadya mapadi asanu ndi miyezi iwiri yodikira.

Mankhwala otere, ngakhalenso otsukira mano, ali ndi timchenga tosaoneka. Amawalitsa pochotsa kachikopa ka siliva, ndipo siliva wa pa chitoliro cha ophunzira si wambiri. Pukutani ndi nsalu youma mukamaliza kuimba, sungani m'kesi yotseka, ndipo ngati mungapeze timapepala takuda toyamwa salifa, ikani kamodzi m'kesimo n'kumasintha pakapita miyezi ingapo. Nsalu yopukutira siliva mutha kuigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo pamutu ndi pamalo opanda makiyi. Kuda kwa pakati pa makiyi kusiyireni mmisiri, yemwe amayamba wachotsa makiyi onse.

Polumikizira pakulimba. Ndipake Vaseline?

Pa chitoliro chachitsulo, ayi. Pamenepo chitsulo chimakumana ndi chitsulo, ndipo zinasemedwa kuti zizilowana zouma. Mafuta amakoka fumbi, fumbi limasanduka sandipepala, ndiye pomwe panali polimba pamakhala pokandika, kenaka pokhwepa. Nthawi zambiri kulimbako ndi litsiro chabe. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi nsalu yodontheza sipiriti pang'ono, muone zakuda zomwe zitulukepo. Pakalimbabe, ndiye kuti panagundidwa, ndipo mmisiri ali ndi chida chobwezera kuzungulira kwake m'mphindi zochepa.

Pikolo ndi nkhani ina. Zambiri zamtengo ndi zapulasitiki zili ndi cork (khungwa lofewa lija lotsekera mabotolo a vinyo) polumikizira, ndipo iyeyo amafuna mafuta ake apadera, aja amakhala ngati lipisitiki. Pakani pang'ono ndi chala pokhapokha pamene palimba, osati tsiku ndi tsiku. Mukachulutsa, mafutawo amalowerera mpaka ku guluu ndipo cork amamatuka.

Nanga makiyi ndiziwathira mafuta?

Musiyireni mmisiri. Amachotsa kiyi, kupukuta mafuta akale, n'kuika kadontho kosakwana mutu wa singano. Kuthira kunja kumangotsetserekera ku mapadi ndi ku guluu wa timacork. Mafuta ophikira amauma n'kumata ngati ulimbo. WD-40 amasungunula mafuta omwe analipo kale. Ngakhale mafuta a mashini osokera, omwe ambiri amawakhulupirira, musawayandikize.

Ndaona tima screw tambiri, tina tikuoneka ngati tosamangitsa. Ndimange?

Funso ili ndi limene ndimaliopa kuposa onse, chifukwa wofunsa amakhala atamanga kale. Nthawi zambiri si mwana, ndi bambo ake kapena amalume odziwa kukonza njinga ndi wailesi, omwe aona kuti kampani inasiya ntchito yosamaliza.

Pali mitundu iwiri. Tina tili kumapeto kwa timipiringidzo ndipo ntchito yake ndi kugwira makiyi pamalo pake. Kotere kakayamba kutuluka, mutha kukabweza mofewa mpaka kafanane ndi pamalo pake, kenaka muyese kiyi. Ikalimba, bwezani pang'ono. Tina tili pamwamba kapena pambali pa makiyi, ndipo si tomangira chilichonse. Timayeza kuti mukadina kiyi imodzi, inzake yomwe imatsika nayo limodzi ifike pansi nthawi yomweyo. Mwachitsanzo, mukadina F ndi dzanja lamanja, palinso makiyi ena omwe chala chanu sichinawakhudze amene amatseka. Kupotoza kascrew kotere ngakhale kotala yokha n'kokwanira kuti F# kapena Bb asowe. Mukamanga tonse mpaka kumapeto, chitoliro chimangotulutsa mphepo.

Amisiri akamakhazika padi amaika pansi pake timapepala topyapyala kuposa tsitsi la munthu. Ndiwo muyeso womwe chidachi chimayendera. Screwdriver ya m'bokosi la zitsulo za njinga ilibe malo pamenepo.

Dzulo chimalira bwinobwino, lero palibe noti ikutuluka. Chafa?

Chitoliro chikasiyiratu kulira mwadzidzidzi, vuto limakhala laling'ono kuposa pamene chikufooka pang'onopang'ono. Yambani ndi mutu wokha: ukulira? Ngati ukulira, suzumirani m'thupi; ndinapezamo kale chofufutira, pepala la switi, ngakhale kandodo kopukutira. Kenaka yang'anani makiyi omwe amayenera kukhala otseka pamene simunawadine: tiwiri tating'ono ta trill (tonjenjemeretsa noti) kumtunda kwa thupi, G# ndi D# wa kuphazi. Tiwiri ta trill ndi timene timakonda kuchita chipongwe. Tili pamwamba pa mabowo ena onse, choncho kamodzi kakangotseguka pang'ono, chitoliro chonse chimakhala chete.

Chomwe chimachititsa nthawi zambiri ndi sipuling'i yomwe yachoka pa kambedza kake, mwina itakodwa ndi nsalu. Ndi kawaya kowongoka konga singano. Yerekezani ndi zinzake muone momwe zakhalira, kenaka ikankhireni pamalo pake ndi kasingano kakang'ono kolukira madoilo. Iyi ndi ntchito imodzi yomwe woimba aliyense ayenera kuidziwa. Samalani zala, masipuling'i ena amabaya.

Ngati vuto ndi la manoti otsika okha, ndipo amatuluka pokhapokha mutafinya makiyi mwamphamvu, pali padi yothawitsa mpweya. Mutha kuipeza nokha. Dulani kachidutswa ka tepi ya kaseti yakale, kaikeni pansi pa padi, tsekani mofewa monga mumachitira poimba, n'kukoka pang'ono. Yesani mbali zinayi za padiyo. Komwe tepi ikungosololoka osagwidwa ndi komwe mpweya ukuthawira. Kupeza n'kwanu, kukonza n'kwa mmisiri. Musazolowere kufinya, kumapweteka manja ndipo kumachedwetsa zala.

Kamzere kali kumapeto kwa kandodo kopukutira n'ka chiyani?

N'koyezera cork wa m'mutu. M'kati mwa mutu, kuseri kwa kachipewa kakumapeto, muli cork wotseka, ndipo nkhope yake iyenera kutalikirana ndi pakati pa bowo louzira ndi mamilimita pafupifupi 17. Lowetsani kandodoko chakumbuyo mpaka kagunde, musuzumire pabowo: kamzereko kaoneke pakatikati. Pikolo ili ndi muyeso wake, choncho musaiyeze ndi kandodo ka chitoliro.

Cork akasuntha, maokitevu amasiya kugwirizana: mumachuna A wapakati bwinobwino koma manoti apamwamba akukwera kapena kutsika okha. Ana amakonda kupotoza kachipewako podikira nthawi yawo yolowa, osadziwa kuti kukamangitsa kumakokera cork kumtunda. Ndipo cork amauma n'kufota pakapita zaka. Mukaona kuti kachipewa kakungozungulira kosagwira, kapena kandodo kakukankha cork mosavuta, wakalamba. Kusintha kwake n'kotsika mtengo koma mawu amabwerera modabwitsa. Chenjezo limodzi: mutu wa chitoliro umaning'a chakukachipewa, choncho cork amatulukira kumunsi kotakata. Kumukokera kumtunda kumatha kufutukula chitsulo.

Akuti pikolo yanga ndi ya grenadilla. Ndi mtengo wa kuti umenewu?

Mwina munaupondapo mthunzi wake. Ndi phingo, yemwe uja osema ziboliboli amamufuna, wakuda bii pamtima koma woyera chakukhungwa. Aswahili amati mpingo, akatswiri a zomera amati Dalbergia melanoxylon. Amamera m'madera ouma a mayiko ambiri a mu Africa, kwathu kuno kuphatikizapo, koma wambiri wopangira zida zoimbira amachokera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Ndi yemweyo amapangira zida zina zouzira monga klarineti ndi oboe. Amamukonda chifukwa ndi wolemera moti amamira m'madzi, ali ndi mafuta akeake, samwa madzi msanga, ndipo amasemeka mosalala ngati chitsulo. Amakula mochedwa kwambiri. Mtengo woti n'kudula umafuna zaka makumi angapo, ndipo pa chipika chonse kagawo kochepa kokha ndi komwe kamakhala kopanda ming'alu ndi mfundo.

Kuyambira Januwale 2017 pafupifupi mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi. Poyamba izi zinavutitsa ogulitsa zida, koma kuyambira Novembala 2019 zida zoimbira zomalizidwa kale za mtengo wonga phingo zinachotsedwa pa lamulo la zikalata. Mutha kuwoloka nayo malire pikolo yanu. Zimandiseketsa pang'ono kuti mtengo umachoka kuno ngati chipika, n'kubwerera ngati kandodo ka masentimita 32 kogulidwa ndi ndalama za ng'ombe zingapo.

Ndiye pikolo yamtengo ndiisamale bwanji kuti isang'aluke?

Mng'alu umabwera pamene m'kati ndi kunja zasemphana. Mukauzira mpweya wofunda ndi wachinyezi mu pikolo yozizira, m'kati mumafufuma kunja kusanakonzeke, ndipo mtengo umagonja, kawirikawiri pamutu kapena pakati pa mabowo a trill. Choncho ikazizira musaifunditse poiuzira. Ifumbateni m'manja kapena muiike m'khwapa kwa mphindi zingapo kuti kunja kuyambe kufunda. Oimba chitoliro chachitsulo anazolowera kutseka makiyi onse n'kuuziramo. Chizolowezi chimenecho chisawoloke kupita ku pikolo yamtengo.

Ikakhala yatsopano, kapena yakhala zaka osaimbidwa, iyambeni pang'onopang'ono: mphindi 10 mpaka 15 patsiku sabata zoyambirira, mukupukuta m'kati pafupipafupi, kenaka muziwonjezera. Musaisiye padzuwa, pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yotseka. Imakonda chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, vuto lake ndi nguwi; m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala vuto ndi kuuma. Abale athu a ku Johannesburg ali ndi nyengo yozizira youma kwambiri, ndipo a ku Britain mdani wawo ndi hita ya m'nyumba. Chizindikiro choti mtengo wauma ndi mphete zachitsulo zomwe zayamba kugwedera. Zikatero ikani m'kesi kapaketi kosunga chinyezi kogulitsidwa m'masitolo a zida zoimbira.

Za kupaka mafuta m'kati, amisiri ndi makampani sagwirizana. Ena amati mafuta a amondi kamodzi kapena kawiri pachaka, ena amati phingo ali nawo okwanira. Ine ndimati tsatirani zomwe wopanga pikolo yanuyo analemba, ndipo ngati ndi kupaka, apake mmisiri makiyi atachotsedwa.

Wa bandi ya pelete asavutike ndi zonsezi. Padzuwa ndi pamvula pamafunika pikolo yachitsulo kapena yapulasitiki. Yamaha YPC-32, ya thupi lapulasitiki ndi mutu wachitsulo, ndi chitsanzo chodziwika. Yamtengo ndi ya m'holo ndi m'tchalitchi.

Pikolo yanga imangolira noti yolakwika pakati pa nyimbo, kenaka n'kukhalanso bwino. N'chiyani?

Dontho la madzi latseka bowo. Mabowo a pikolo ndi aang'ono moti dontho limodzi limayala ngati kachikopa. Pezani kiyi yake, kawirikawiri ya chala chachikulu, G# kapena trill, itseguleni, uzirani mwamphamvu chopingasa bowolo, yamwitsani ndi pepala la fodya, kenaka pukutani m'kati monse. Madzi akapeza njira amaibwereza, ndiye pukutani isanafike poti idonthe. Popuma igwireni mabowo atayang'ana kumwamba.

Pokhala tili pa pikolo: imalira pafupi kwambiri ndi khutu lamanja, ndipo manoti ake apamwamba amapitirira madesibelo 100. Poyeserera m'kachipinda kakang'ono tsekani khutulo. Padi imasinthidwa, khutu ayi.

Ndingachitsuke m'madzi? Kusukulu timabwerekana.

Thupi ndi phazi zisalowe m'madzi, zivute zitani. Mapadi onse amafufuma, timipiringidzo timachita dzimbiri. Mutu nawo uli ndi cork, choncho ingopukutani pokhazika mlomo ndi m'mphepete mwa bowo ndi thonje la sipiriti, muusiye uume musanapatse wina. Sipiriti asakhudze mapadi, mtengo kapena pulasitiki. Rekoda yapulasitiki (kachitoliro kopanda mapadi, kouzira kunsonga) yokha ndi imene imatsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo.

Ndikaimba, pachibwano pamatsala chakuda, nthawi zina pamayabwa.

Chakudacho ndi siliva amene wakumana ndi thukuta kapena zodzola. Chimachoka ndi sopo. Kuyabwa ndi totupa kumasonyeza kuti mwina khungu lanu silimvana ndi nikelo, makamaka ngati siliva wapamwamba wayamba kusupuka. Matani kachidutswa ka pulasitala kapena sitampa ya kupositi pomwe chibwano chimakhudza, osafika pabowo. Zimathandizanso kuti chitoliro chisaterereke thukuta likachuluka.

Chikakhala nthawi yaitali osaimbidwa, ndichisunge pati?

M'kesi yake, chouma, pashelefu ya m'chipinda chomwe mumagona. Osati pansi pa bedi pasimenti, osati kusilin'gi pansi pa malata. Muzichitsegula kamodzi pamwezi, kudina makiyi onse ndi kuchipitsa mphepo. Ubweya wa m'mapadi ndi ndiwo ya njenjete ndi tizilombo tina. Mukaona mapadi obooka ngati anatafunidwa ndi timakoko touma m'makona a kesi, alendo analowa, ndipo kesiyo iyenera kuyeretsedwa kapena kutayidwa, apo ayi mapadi atsopano adzadyedwanso. Okhala m'mbali mwa nyanja aike m'kesi ya chitoliro chachitsulo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Mu kesi ya pikolo yamtengo musatiike.

Kwa mmisiri chizipita kangati? Nanga ngati kulibe pafupi?

Choimbidwa tsiku ndi tsiku chimafuna kamodzi pachaka: kuchotsa makiyi, kutsuka, kuthira mafuta, kusintha padi imodzi kapena ziwiri ndi kuyeza zonse. Choimbidwa Lamlungu lokha chitha kufika zaka ziwiri. Kusintha mapadi onse kumabwera pakapita zaka zingapo, ndipo pa chitoliro chotchipa mtengo wake umatha kuposa wa chitolirocho.

Pofuna mmisiri funsani oimba a m'mabandi a apolisi ndi asilikali, kapena aphunzitsi a nyimbo m'masukulu ndi m'makoleji. Amadziwa amene amagwira zida zawo. Ambiri amatumiza ku South Africa kudzera mwa wapaulendo. Mukatero, lembani kapepala kofotokoza manoti omwe akuvuta, jambulani nambala ya chitolirocho, yalani kansalu kofewa pamwamba kuti zigawo zisamagwedere m'kesi, ndipo mumupemphe wonyamulayo kuti achiike m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi limodzi ndi matumba a mpunga. Wowotcherera zitsulo ndi wokonza mawotchi, ngakhale aluso chotani, si amisiri a chitoliro.

Ndapeza chitoliro chakale chotchipa pa Facebook. Ndigule?

Pitani ndi munthu woimba. Ayambe pa G kutsika mpaka C wapansi, mofewa, osafinya. Yang'anani mapadi: akuda pang'ono alibe vuto, ong'ambika kapena ofufuma ndi ndalama ina. Gwedezani makiyi chammbali. Akamayenda uku ndi uku, chatha ntchito. Nunkhizani kesi. Kuda kwa siliva kusakuopseni, ndipo timabampu tating'ono pathupi si kanthu, koma bampu pamutu, pabowo louzira kapena polumikizira ndi nkhani ina. Dzina lodziwika monga Yamaha, Pearl, Jupiter, Trevor James kapena Gemeinhardt, ngakhale chitakhala cha zaka 20, chimaposa chatsopano chopanda dzina chopakidwa utoto wofiira kapena wabuluu. Zotchipa zoterozo chitsulo chake n'chofewa. Mmisiri akawongola kiyi lero, sabata yamawa yapindikanso, ndipo ambiri amakana n'kuzigwira komwe.

Pa nthawi yopuma ndichiike pati?

Pachoimikira chake ngati muli nacho, apo ayi m'kesi. Mukachigoneka patebulo, makiyi ayang'ane kumwamba kuti madzi asatsikire ku mapadi, ndipo chisatsamire pa kiyi ya G#, ija yotulukira pambali, yomwe imapindika msanga kuposa zonse. Pasitandi ya nyimbo ayi. Pabedi, pasofa ndi pabenchi ayi.

Mtsikana wina yemwe ndinkamuphunzitsa anali wosamala kuposa ine: nsalu ziwiri zochapa, mswachi m'chikwama, kesi yopanda fumbi. Tsiku lina pa mapemphero a Khirisimasi anagoneka chitoliro pabenchi n'kuchifunditsa chitenje kuti ana asachione, iye n'kuthamangira kukamwa madzi. Mayi wina wa kwaya, atatopa ndi kuima, anaona chitenje choyalidwa bwino pamalo opanda munthu. Titachinyamula, chinali chitapindika ngati nthochi, kiyi ya G# italowa m'thupi. Kesi yake inali pansi pa benchi lomwelo, yotsegula.